Sabata yanga ku Bidibidi

Ndabwerako ku Uganda anthuni, msana ukundiwawabe koma ndati ndilembe zisanandithawe m'mutu. Amene simundidziwa, ine ndimagwira ntchito ya mijigo kubungwe lina la mpingo, ndiye anzathu akumeneko anapempha munthu woti akathandize kuphunzitsa makomiti a madzi kumalo a anthu othawa nkhondo a Bidibidi, m'boma la Yumbe, maere nkugwera ine.

Lolemba lonse linathera pamsewu. Kuchoka ku Kampala m'bandakucha, kuoloka Nile pa Karuma, kumuolokanso pa Pakwach, kukagona ku Arua, mawa lake kudzera ku Koboko mpaka Yumbe. Malo a Bidibidi anatsegulidwa mu 2016 nkhondo itabukanso ku South Sudan, ndipo miyezi yochepa chabe munali mutadzaza anthu opitirira 250,000. Ine m'maganizo ndimaona ngati ndikapeza Dzaleka wina wothithikana, koma ayi, boma la Uganda limapereka kamalo kubanja lililonse koti amangepo ndi kulimapo, moti ukamayenda umangoona ngati midzi, chinangwa, mapira, mbuzi, kenako mzere wa zigubu zachikasu pamjigo.

Lachitatu ndiye tsiku lomwe landikhala mumtima. Kwathu kuno tinazolowera mijigo ya mtundu wa Afridev, labala ya pansi yokokera madzi ikatha mumangosolola marodi anthu awiri basi mwakonza. Kumeneko mijigo yambiri ndi India Mark II, kuti mufike pasilinda, kachipangizo kopopa madzi ka pansi penipeni, muyenera kuzula mapaipi onse achitsulo limodzilimodzi, lililonse mamita atatu, lolemera komanso lodzaza madzi, mukangotaya dzanja zonse zagwera m'dzenje. Mjigo umene tinapitako madzi ake amatuluka ofiira ngati thobwa chifukwa cha dzimbiri, azimayi anali atausiya nkumakatunga kudambo. Amene anatitsogolera ndi makaniko wa m'deralo, bambo wachisilamu, poti anthu ambiri a ku Yumbe ndi Asilamu pomwe ambiri mwa othawa nkhondowo ndi Akhristu. Bamboyu ntchito amaidziwa, ndaphunzira kwa iye kagwiridwe ka paipi komwe zaka zonsezi sindimakadziwa.

Dzuwa lili paliwombo, titazula mapaipi asanu ndi awiri, anati mundidikire ndikaswali, nkupita pansi pamtengo. Pamenepo mayi wina, msungichuma wa komiti, anati nafenso tisangokhala tiyeni tipemphere. Anapemphera m'Chiarabu cha ku Juba, ine ndimangomva dzina la Yesu basi, koma anatalikitsa ndipo mawu amanjenjemera. Nditafunsa wotanthauzira anati amayiwa apempherera mjigo, apempherera manja a makaniko uja, kenako apempherera anthu amene anawotcha nyumba yawo ku Yei, ku South Sudan, kuti Mulungu awakhululukire. Ine ndakhala ndikutsogolera mapemphero a m'mawa kuofesi zaka zambiri, koma pemphero ngati limenelo sindinalipempherepo, ndinangogwira sipanala misozi ili m'maso.

Mayi yemweyo anandionetsa kope la komiti, lokulunga bwinobwino mujumbo. Dzina lililonse ndi zomwe lapereka, ena mashilingi, ena kapu ya nyemba chifukwa chakudya chomwe amalandira chinachepetsedwa ndiye ndalama palibe. Ine ndinabwera ndi phunziro lonse la kasungidwe ka ndalama za mjigo pakompyuta, nditaona kopelo ndinawapempha kuti Lachinayi aphunzitse ndi iwowo, ine ndingothandizira za zipangizo. Anthu anamvetsera kuposa mmene akanandimverera ine mlendo.

Chomwe chinandiwawa ndi uthenga wochokera kuofesi usiku wa Lachinayi, akuti tumizani zithunzi za ana akumwa madzi akumwetulira, chikwangwani chathu chioneke bwino, opereka thandizo akufuna lipoti. Ndikumvetsa, popanda lipoti ndalama sizibwera. Koma mjigowo tinali titangobwezeramo mapaipi ena achitsulo a mtundu womwewo ogula ku Arua, ndipo aliyense wa ntchitoyi akudziwa kuti madzi a pamenepo adzawadyanso posachedwa. Ndinajambula mapaipi obooka aja nditawayala pansi, ndi kope la amayi aja atandilola, nkutumiza zimenezo.

Lachisanu ndili pa boda boda, kabaza wanjinga yamoto wakumeneko, ndinakumbuka amayi anga ku Ntcheu. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, Malawi inasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ndili mwana pakhomo pathu pankakhala banja lina la ku Angonia, tinkadyera mbale imodzi. Amayi sankati ndi chitukuko kapena utumiki, ankangoti abale athu abwera, tenga ndowa ukawatungire madzi.

Lamulungu ndisananyamuke ndinapemphera nawo m'tchalitchi chadothi chofolera lona, ng'oma ndi nyimbo mpaka fumbi koboo, chopereka china chinali mazira ndi chinangwa. Makaniko uja anabwera kudzanditsanzika panja, anandipatsa kapepala ka mijigo ina inayi ya vuto lomwelo. Lero m'mawa ndakalowetsa m'kalata yopempha mapaipi osachita dzimbiri, ndaisiya patebulo la abwana ndipo Lachisanu ndikafunsanso.