Tianthu ta John Glashan pansi pa nyumba zikuluzikulu

Ntchito yanga kuno ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndi yolemba zikwangwani za magolosale, masaluni ndi zigayo, ndipo kwa zaka zambiri ndinkachita nayo manyazi, chifukwa ndili mnyamata ndinkafuna kukhala wojambula nkhope za anthu. Manyaziwo anayamba kuchepa pamene malume anga, amene ankaphunzitsa ku Dedza, anandipatsa katoni ya magazini akale a Chingerezi, ndipo m'menemo ndinakumana ndi zojambula za munthu wa ku Scotland, dzina lake John Glashan.

Iyeyu anabadwira ku Glasgow m'chaka cha 1927, ndipo dzina la makolo ake linali McGlashan. Bambo ake, Archibald McGlashan, anali wojambula wodziwika, motero mwanayo anakulira m'fungo la penti mpaka anakaphunzira ku Glasgow School of Art. M'zaka za m'ma 1950 anasamukira ku London poganiza kuti azidya za kujambula nkhope, koma makasitomala sanabwere monga ankayembekezera. Zitatero anafupikitsa dzina lake n'kuyamba kugulitsa makatuni ku magazini monga Lilliput, Punch ndi Private Eye.

Chimene chinandigwira mtima si nthabwala zake, pakuti Chingerezi changa n'choperewera ndipo zina malume ankachita kundimasulira. Chinandigwira ndi kayalidwe ka tsamba. Amayamba wajambula chinyumba chachikulu ndi utoto wosungunula m'madzi, zipilala zake, mazenera ndi denga lotalika, zonse mosamala ngati mmisiri woti amangadi nyumbayo. Kenako pansi penipeni amaikapo tianthu tiwiri kapena titatu tandevu, tongokhwatchakhwatcha ndi cholembera, toti mwana wa pulaimale angathe kutijambula. Mawu amawalemba ndi dzanja pambali, osawatsekera m'kabwalo kotuluka pakamwa. Ambiri mwa anthu akewo ndi osowa pogona amene amamwa spiliti, monga mmene ena kwathu kuno amamwera kachasu mamawa, koma amayankhula mwaulemu ndi mwakuya kuposa nduna.

Kuyambira 1978 mpaka 1983 ankajambula nthano yotchedwa Genius m'magazini ya The Observer, yonena za Anode Enzyme, munthu wanzeru zopitirira muyeso, amene analembedwa ntchito ndi Lord Doberman, mpondamatiki wotopa ndi chuma chake. Ena ankaikonda kwambiri nthanoyo pamene ena sankaimvetsa n'komwe, ndipo ine sindiwadzudzula, chifukwa nthawi zina nkhaniyo imangoyendayenda osafika kulikonse.

Komabe munthu wa m'chigawo cha Tete safunika womumasulira chithunzi chotere. Aliyense amene anaimapo pansi pa khoma la damu la Cahora Bassa, lotalika mamita 171, kapena anaonapo mayi atasenza thumba la makala pa mlatho wa Samora Machel pamene malole akudutsa, amadziwa kuchepa kwa munthu pafupi ndi zinthu zimene anthu anzake anamanga. Ku Moatize ndinaonapo mlonda atakhala pa kampando pafupi ndi tayala la galimoto ya mumgodi lomuposa msinkhu, akudya chimanga chootcha mosatekeseka, ndipo ndinaseka ndekha chifukwa linali tsamba la Glashan lenileni. M'kuona kwanga, luso lojambula nyumbazo ndi lomwe lija analiphunzira kuti akhale wojambula wolemekezeka, ndipo sanalitaye pamene analowa m'makatuni, koma analisandutsa mbali ya nthabwala.

Atasiya Genius anabwerera ku zojambula za utoto zimene ankazilakalaka kuyambira pachiyambi, ndipo anamwalira m'chaka cha 1999.

Mwezi wathawu mwini chigayo wina wa ku Domwe anandipempha chikwangwani. Ndinajambula chigayocho chachikulu ngati tchalitchi, ndipo pakona ndinaikapo kamayi kakang'ono katanyamula lichero. Mwiniwakeyo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amisiri, chigayochi mwachikulitsa bwino, koma amayiwa muwanenepetseko, anthu angamati ufa wanga sukhutitsa." Ndinawanenepetsa pang'ono, ndipo anandilipira mametikali anga onse tsiku lomwelo.