Makiyi tatenga, ndiye ndati ndithokoze

Loweruka lapitali tinagona koyamba m'nyumba yathuyathu ku Machinjiri. Makatani mulibe, kukhitchini sitinapente, koma mwezi ukatha palibe amene adzagogode pachitseko kudzafunsa za lendi. Takhala zaka 11 m'nyumba za eni ake, ku Ndirande kenako ku Chilomoni, ndiye mundikhululukire ndikatalikitsa.

Ndiyambe ndi Mulungu, kenako bambo a ana anga, amene anapirira ndiwo za masamba kwa nthawi yaitali osadandaula. Amayi anzanga a banki m'khonde, inu mukudziwa mmene ndinaliri mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Ndalama imene tinasunga kwa zaka inasungunuka tikuiona, simenti inakwera, eni nyumba nawonso anakweza mitengo sabata yomweyo, ena mpaka kumatchula m'madola. Ndinafuna kuzisiya. Inu munati tipitirize kuponya, ngakhale pang'onopang'ono. Zikomo.

Alamu anga, kope lija munandigulira likadalipo. Munati nyumba iliyonse imene ndaiona ndizilemba: dera, kukula kwa poloti, ngati ili ndi mpanda, madzi, magetsi, mtengo wake komanso amene wanditchulira mtengowo. Poyamba ndinkaona ngati n'zauphunzitsi chabe. Koma kopelo ndi limene linandionetsa kuti nyumba imodzi ya ku Chirimba anthu atatu ananditchulira mitengo itatu, dobadoba aliyense ataikapo yake pamwamba. Mwininyumba titakumana naye maso ndi maso, anadabwa kumva ndalama zimene ankatiuza. Kuyambira pamenepo sindinkakambanso za mtengo ndi munthu amene dzina lake silili pa mapepala. Kopelo linatiletsanso kuthamangira ku Lunzu ndi ku Mpemba, kumene mitengo inali yotsikirapo ndithu. Titawerengera ya minibasi ya anthu anayi tsiku lililonse kwa chaka chathunthu, kutchipako kunathera mumsewu. Ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe tinkangodutsako kokatsuka m'maso.

Koma amene ndikufuna kuwathokoza kwambiri ndi anthu oti mwina sadzawerenga n'komwe izi.

Tonse a ku Blantyre tikukumbukira Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Chichitikireni zimenezo, amalume anandiuza kuti nyumba saionera mu Okutobala, kukuwala dzuwa. Ukaikonda, ubwererekonso mu Januwale kapena Febuluwale mvula ikugwa. Tinatero. Panali nyumba ina yokongola, ya matailosi, mtengo wake wokoma mokayikitsa, ndipo khoma lake linali litangopentedwa chakumunsi kokha. Ndinaima pa benchi ya mayi wina wogulitsa tomato pafupi pomwepo. Ndinagula mulu umodzi, tikucheza. Sananene choipa chilichonse cha mwininyumba, anangondilozera mpanda wa nyumba yoyandikana nayo, pamene panali mzere wa matope wofika m'chiuno. "Madzi amafika apo, mayi." Amayi inu, mulu wa tomato umene uja unatipulumutsa.

Achimwene a kabaza amene munanditenga kangapo, ndinu munandiuza njira imene imaduka mvula ikagwa, ndi pamlatho pamene anthu sadutsa kukada. Amayi a pa kiyosiki ya madzi, ndinu munandiuza mbali imene mipope imatulutsa usiku wokha. Blantyre ndi mzinda wa zitunda, ndipo madzi ambiri amachita kuwapopa kuchokera kutali ku Shire, ndiye nyumba ziwiri za dera limodzi zitha kusiyana kwambiri pankhani imeneyi. Wogulitsa sangakuuze zimenezi. Paja safunsa anadya phula.

Kenako mapepala. Apa ndikuthokoza loya wina wa kumpingo kwathu, amene sakonda kutchulidwa. Nyumba yachiwiri imene tinaikonda tinatsala pang'ono kupereka theka la ndalama. Iwo anati tidikire kaye, akafufuze ku kaundula wa malo ku unduna wa za malo. Zinapezeka kuti dzina la pa title deed, chikalata cha umwini wa malo, linali la bambo amene anamwalira kalekale, ana analipo asanu, ndipo amene ankagulitsayo analibe chikalata cha kukhoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Abale ake sankadziwa n'komwe. Bwenzi pano tikuyenda m'makhoti. Usiku umenewo sindinagone, osati chifukwa cha mantha okha, komanso manyazi, poti ndinali nditawakwiyira aloyawo kuti akutichedwetsa.

Pa nyumba imene tagulayi anationetsa zoyenera kuyang'ana: lizi ya zaka 99 yatsala ndi zaka zingati, ngati pali ngongole ya ground rent (lendi ya malo) kapena msonkho wa kukhonsolo, ngati nyumbayo sinaperekedwe chikole kubanki, ndiponso mabilu a madzi ndi magetsi. Tinaitana saveya kudzatsimikiza mabikoni osonyeza malire a poloti, ndipo ndalama tinalipira kudzera kubanki, osati m'jumbo. Agogo amene atigulitsa nawonso ndiwathokoze, anatipirira miyezi itatu ngakhale ena ankabwera ndi ndalama m'manja.

Apongozi anga, mbuzi ziwiri zija munagulitsa tikudziwa kuti zinali za fetereza. Sitidzaiwala. Achemwali a ku Joni, zimene munatumiza zinakwanira ya saveya ndi ya aloya. Anyamata a kwaya, munanyamula katundu pamvula mpaka kabati kusweka galasi, musadandaule, linali losweka kale.

Kunyumba kuno bwerani, koma mipando ilipo inayi yokha, ndiye obwera mochedwa mkeka ukukudikirani pansi pa mtengo wa mango. Aneba atsopano amene munatibwereka wilibala, tibweza mawa madzulo.