Lero ndi bondo langali

Kwacha kozizira ndiye bondo lakumanja ladzuka litauma gwa. Ndinakhala kaye m'mphepete mwa bedi nkumalipinda ndi kuliwongola pang'onopang'ono, likulira kuti khekhe, mpaka linamasuka. Nyamakazi yangayi ndi ija adokotala amati osteoarthritis, kuuma kwake kwa mmawa sikudutsa mphindi 30, akuti kukamafika ola lathunthu amayamba kukaikira ina ija ya rheumatoid, nde ine wotchi ndimayang'ana ndithu.

Masana mng'ono wanga waimba foni, nkhani yake yomwe ija, "akulu, muzingokhala pansi inu, mulimaliza bondolo." Amanena mwachikondi koma apa pokha sindimumvera. Chichereŵechereŵe chakumapeto kwa mafupa chinaperepeseka kale inde, koma chimenechi chilibe mitsempha ya magazi, chimadalira timadzi ta mu bondo momwemo ndipo timadzito timazungulira mwendo ukamayenda, komanso ukangokhala minofu ya ntchafu imafooka basi katundu yense nkugwera pa bondo lodwala lomwelo. Kupuma kumakoma tsiku lomwelo, mawa lake umalipira.

Choncho ndapanga ma ekisesaizi anga a fiziyo, kugona chagada nkumakweza mwendo uli chiwongokere, kenako ndakayenda pamalo osalala. Ndodo ndimagwira kumanzere, mbali yomwe kulibe vuto, anthu ambiri ndimawaona atagwirira mbali yodwalayo ndipo pakamwa pamandiyabwa kuti ndiwauze.

Za mankhwala ndimasamala. Ibuprofen amathandiza, sindikana, koma kumwa daile amakanda m'mimba, amavutitsa impso, ndipo ine wa BP adandiuza kuti ndizimupewa. Ndapaka jelo wa diclofenac pa bondo pomwepo, ndamwanso paracetamol, yemwe munthu wamkulu sayenera kupyola magalamu 4 pa tsiku. Kunena zoona paracetamol kwa ine amangochepetsako pang'ono chabe.

Madzulo latupako nkumatentha, ndakulunga ayisi m'thaulo ndaikapo mphindi ngati 15. Kukauma ndi madzi ofunda, kukatupa ndi ayisi, ine zimandiyendera choncho.

Sikelo ndiye sikusuntha aaa. Paja amati kilo imodzi ukaitaya bondo limapepukidwa ndi makilo pafupifupi 4 pa sitepe iliyonse, nchifukwa chake sindikuisiya nkhondo imeneyi ngakhale ikundigwetsa ulesi. Mawa ndikufuna ndiyese njinga, ndione ngati kupalasa kungandikomere kuposa kuyenda.