Ulendo wachiwiri wa amuna anga ku Gqeberha

Amuna anga atabwerako ku South Africa ulendo woyamba, njinga yawo inakhala m'bokosi miyezi itatu osatsegulidwa. Anapita kukapikisana nawo pa Ironman ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth, kumene munthu amasambira makilomita 3.8 m'nyanja yamchere, n'kupalasa njinga makilomita 180, kenako n'kuthamanga makilomita 42.2, zonsezi tsiku limodzi, ndipo gawo lililonse lili ndi malire a nthawi. M'madzi anatulukamo bwino, koma ali panjinga m'mimba munawavuta, anasiya kudya ndi kumwa, mphamvu zinawathera, ndipo pofika potsikira njinga nthawi inali itadutsa kale, choncho sanaloledwe kuyamba kuthamanga. Ine ndinali kunyumba kuno ku Dedza, maso ali pafoni pamene ndinkatsatira nthawi zawo za mpikisano, ndikudikira nthawi yatsopano imene sinabwere.

Sindinawakakamize kulankhula za nkhaniyi. Achibale ena ankanena kuti ndalama zija zikanagula feteleza wa zaka zingapo, ndipo kunena zoona sankanama, koma ine ndinkaona kuti chimene chinkawadya mumtima sichinali ndalama. Tsiku lina m'mamawa ndinawapeza pakhonde akupukuta tcheni cha njinga, ndipo ndinati, "Bambo, ngati mtima wanu ukadali komweko, ulendo uno tikonze tonse awiri, ndipo inenso ndipita nawo." Tinagwirizana zodumphitsa chaka chathunthu kuti tisonkhanitse ndalama. Ndinagula kope n'kulembamo ndalama yolembetsera, matikiti a ndege ochokera pa Kamuzu International Airport kudzera ku Johannesburg, mtengo wonyamulitsira njinga ndi wa malo ogona. Popeza zambiri mwa izi zimalipiridwa ndi ndalama zakunja, zimene kuno zimavuta kupeza, tinkalipira chinthu chimodzi chimodzi nthawi ikadalipo.

Pa nkhani ya njinga ndi kuthamanga, Dedza anatikomera, chifukwa tawuni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo zitunda sizisowa. Loweruka lililonse ankanyamuka kusanache kuti apewe magalimoto akuluakulu a mumsewu wa M1, n'kulowera ku Lizulu ndi ku Ntcheu, ine ndili pambuyo pawo pagalimoto nditayatsa magetsi, makamaka m'miyezi ya chifunga. Kamodzi pamwezi ankatsetsereka Khwekhwerere mpaka ku Golomoti n'kubwerera chokwera. Kusambira ndiko kunativuta, popeza tinalibe dziwe loyenera pafupi. Tinkapita ku Senga Bay kawiri pamwezi, n'kupangana ndi msodzi wina kuti aziwatsatira pabwato, ndipo masiku a mwera, amene ena amawathawa, ife tinkawalandira chifukwa ankawazoloweretsa mafunde. Sitinkaiwala kukayezetsa likodzo kuchipatala.

Ntchito yanga yaikulu inali ya chakudya, popeza ndi pamene zinthu zinalakwikira poyamba. Ulendo woyamba uja anadya zinthu zimene anali asanaziyesepo, thupi lili kale pantchito yowawa. Tsopano tinaika lamulo lakuti pa tsiku la mpikisano sadzalawa chilichonse chimene sichinadutse m'kope langa. Ndinkawiritsa mbatata ya kachewere yaing'onoing'ono ya pa Lizulu n'kuiwaza mchere, ndinkaduladula nthochi, ndiponso ndinkapaka chiponde pabuledi n'kumudula tizidutswa tolowa m'kamwa kamodzi. Tinagulanso timapaketi ta gel, chakudya chonga phala chopatsa mphamvu msanga, tofanana ndi timene amagawa panjira, kuti m'mimba mutizolowere. Wotchi yawo inkalira pakatha mphindi 20 zilizonse, ndipo ankayenera kudya ndi kumwa, njala ikhalepo kapena ayi. Akabwera ndinkawerenga zotsala m'matumba a malaya awo, ndipo ndikapeza mbatata zitabwerera, tinkakhala pansi n'kukambirana chifukwa chake. Panali masiku amene tinkapsetsana mtima pa zimenezi, koma sindinasiye kuwerenga, chifukwa ndinkadziwa kuti munthu wotopa amadzinamiza kuti wadya.

Tinafika ku Gqeberha kutatsala masiku anayi, kuti amange njinga mosathamanga ndiponso alowe m'madzi a pa Hobie Beach atavala wetsuit, chovala chosambirira choteteza ku kuzizira, popeza madzi akumeneko ndi ozizira kuposa a m'nyanja yathu. Aliyense woperekeza mnzake ayenera kudziwa kuti malamulo amaletsa thandizo lochokera kwa anthu oonerera. Sungam'patse botolo la madzi kapena chakudya, sungathamange pambali pake, ndipo ukatero amene amalangidwa ndi iyeyo. Choncho zonse zimene ndikanatha kuwachitira zinathera m'matumba amene tinalongedza dzulo lake, ndikutchula chinthu chilichonse mokweza iwo akuvomera.

Pa tsikulo ndinatsala ndi mawu okha ndi wotchi. Malire a kusambira ndi maola 2 ndi mphindi 20, ndipo anatuluka nthawi ikadali yambiri. Tinali titapangana kuti akamadutsa sindidzawauza kuti akuoneka amphamvu ngati sizinali choncho, koma ndidzawauza mphindi zimene zawatsalira. Atadutsa panjinga pakatikati pa ulendo ndinafuula kuti, "Bambo, muli ndi mphindi 40 zapadera, idyani!" Anagwedeza mutu n'kupisa dzanja m'thumba lakumsana. Nditawaona akupereka njinga n'kulowa kukavala nsapato zothamangira, pamalo pomwe ulendo woyamba unathera, miyendo inandifooka ndipo ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu.

Njira yothamanga imazungulira kangapo m'mphepete mwa nyanja, choncho ndinkawaona pafupipafupi. Kutada anayamba kuyenda m'malo mothamanga, milomo itauma, ndipo ndinawawerengera kuti ngakhale atayenda mofulumira makilomita onse otsalawo akafikabe malire asanakwane, bola asaime. Anamaliza patadutsa maola 15 ndi mphindi zingapo. Atawaveka mendulo ndinawafunditsa chitenje chimene ndinachisunga m'chikwama tsiku lonse, ndipo tili m'njira yobwerera kogona anatembenuza matumba a malaya awo kuti ndione kuti munalibe chotsala.