Lachitatu, nyali yatsopano yagona kuchipatala

Ndadzuka 4 koloko magetsi atathima kale, firiji ili zii, panja kamvula kakuwaza. Makala nawo anali onyowa ndiye utsi nyumba yonse mpaka bambo ake Chisomo kudzuka akutsokomola kufunsa ngati ndikuotcha nyumba kkkk. Ndimati ndiyatse nyali yotchaja ija ndione pophikira phala, yayaka mphindi ziwiri basi kenako kuwala kumangochepa mpaka kutsala ngati chiphaniphani, kenako phethi. Chonsecho dzulo yakhala pa soketi tsiku lonse.

Nyali imeneyi ndi yakalekale, tinagula 2022 chimphepo cha Ana chitaononga malo opangira magetsi a Kapichira muja, dziko litataya ma megawatt pafupifupi 130 nthawi imodzi, magetsi tikumawaona ngati mlendo wobwera pakati pa usiku n'kubwerera m'mamawa. Yatithandiza sindikana, koma zinthu zitayambako kuyenda bwino tinangoiponya pamwamba pa kabati n'kuiwala.

Nditawaperekeza ana ndinaitenga kupita nayo kumsika kwa mnyamata wokonza mawailesi ndi mafoni uja. Wangoimasula n'kuyamba kuseka, akuti mayi batire ili linafa kale mukungoyenda ndi maliro. Ndi batire la asidi la 4 volts, mtundu wake ngati la njinga yamoto kungoti laling'ono, ndiye akuti mtundu umenewu ukatha moto n'kuusiya choncho masabata angapo umaonongekeratu mkati, olo utchaje bwanji sulandiranso. Limafuna likangotha ulitchaje pompo, ndipo olo usakuligwiritsa ntchito uzilikumbukirabe mwezi ndi mwezi. Ine zimenezi anandiuza ndani? Pa katoni panali Chitchaina chokhachokha.

Ndiye wandionetsa ina yaing'ono, yopepuka, ya LED yomwe, koma mkati muli mabatire a lithium awiri ozungulira aja amati 18650. Dzinalo akuti ndi saizi chabe, 18 mm kunenepa kwake, 65 mm kutalika. Chandisangalatsa n'choti batire likafa umangotsegula kachitseko n'kuika lina, osataya nyali yonse, komanso imatchajidwa ndi tchaja ya foni yomweyi kaya pa power bank kaya pa kasola kakang'ono. Ine ndinathamangira ina yolembedwa 9900 mAh pa batire, ndati nambala yaikulu ndiye moto wambiri eti, iye wandilanda, akuti limenelo ndi bodza lenileni, batire la saizi imeneyi silipitirira 3500 kwenikweni. Wandipatsa awiri m'manja ndiyeze kulemera, la nambala yaikululo lopepuka ngati mulibe kanthu, lenilenilo lolemerako bwino. Mtengo tinakanganapo ndithu, ndalama ya ndiwo ya mawa yapita pamenepo, koma ndatenga.

Magetsi anabwera cha m'ma 1 koloko. Mwaudziwa mpikisano wake uja, soketi iliyonse m'nyumba kudzaza, mafoni, ketulo, simbi, ine nyali patsogolo zina zonse pambuyo. 6 koloko isanakwane athimanso.

Chisomo walemba homuweki yake pa thebulo bwinobwino. Ndamuuza aziika pa kuwala kochepa kuja chifukwa pa full imadya batire msanga pomwe pa kochepa imakhala maola ambiri, ndipo kuwerenga kumatheka ndithu. Ndinangokhala kumuyang'ana n'kukumbuka ife tikuwerengera koloboyi kumudzi, m'mawa kudzuka m'mphuno muli bii mwaye wa palafini. Kandulo ndiye sindiifuna pafupi ndi ana, pali neti ya udzudzu pali makatani, kungosinza pang'ono nkhani ina.

Cha m'ma 10 tikuti tigone, kugogoda pachitseko. Aneba athu mayi ake Yankho, mawu akunjenjemera, akuti pepani amayi mwana watentha thupi kwambiri ndiye buku lake la kuchipatala sindikuliona, foni yatsala 3 percent ndikuopa kuyatsa tochi ndilephera kuimbira wa njinga. Ndatenga nyali tapita. Tasanthula sutikesi, pansi pa matilesi, m'mabuku a sukulu, kukalipeza lili m'jumbo limodzi ndi malisiti a madzi kuseri kwa wadirobu. Foni yawo tinaibaya pa nyali pomwepo, ili ndi pobayira USB, mpaka inakwera pang'ono n'kuimba.

Ine chichitikireni chimphepo cha Freddy mu Malichi 2023, titaona anthu ku Chilobwe akuthawa matope usiku mumdima opanda olo kapepala kamodzi m'manja, zitupa zathu ndi mabuku a kuchipatala ndimasunga m'jumbo la pulasitiki lokoleka pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndawauza aneba mawa tikakhome msomali kwawonso, angoti eya koma maganizo onse ali pa mwana.

Njira yotsikira kumsewu ija ndi matope okhaokha ndiye ndawauza atenge nyaliyo, bambo ake Chisomo awaperekeza mpaka pamene wa njinga anaima. Mayi ake Yankho angonditumizira uthenga pompano kuti mwana amupeza ndi malungo, amupatsa mankhwala koma agona konko. Ife kuno tabwerera pa kandulo yomwe ndimaikana ija, ndaiika m'mbale ya madzi pakati pa simenti, foni yanga ili pa 11 percent ndipo magetsi mpaka pano sanabwere.