Zitosi za mileme m'dimba mwanga: mwezi wachisanu

Lero yakwana miyezi isanu chiyalireni pepala la pulasitiki pansi pa denga la nyumba yakale ya amalume, kuno kufupi ndi Ulongwe, kuti ndizitolera zitosi za mileme yogona m'dengamo. Amene munawerenga zija ndinalemba mu Meyi mukukumbukira kuti ndinkangofuna manyowa aulere, poti thumba la yuleya likumadya mametikali ambiri. Manyowawo ndawapezadi, koma maganizo anga apatukira kwina.

Ndiyambe ndi zosesa. Mu Meyi ndinkadzaza chitini chimodzi cha mkaka pa sabata. Mu Juni ndi Julayi, chisanu cha kuno ku Angonia chitafika poipa, ndinkapeza theka kapena osakwana n'komwe. Mileme sinasamuke, madzulo ndinkaionabe ikutuluka pampata wa malata, koma tizilombo touluka tinachepa, ndiye chogwa pansi chinachepanso. Seputembala uno kwayamba kufunda ndipo chitini chikudzazanso.

Wina anafunsa kuti ndikudziwa bwanji kuti si manyi a makoswe, poti amafanana. Valani jumbo kudzanja, mutenge kamodzi, mukafikise. Ka khoswe n'kolimba, kamakana. Ka mleme kamangofumbutuka kukhala ufa, ndipo mukakaika padzuwa mumaona tinthu tonyezimira. Timeneto ndi tizidutswa ta mapiko ndi zikamba za tizilombo tomwe mleme sunathe kugaya. Mayi a kunyumba amatsutsa ngakhale dzina lenilenilo, amati zitosi n'za nkhuku ndi mbalame, mleme umayamwitsa ana. Akunena zoona, koma ndowe ndi za ng'ombe, ndiye ine ndizingoti zitosi.

Kudimba ndinakonza mabedi atatu a mpiru: lina la manyowa a mbuzi, lina la mileme, lina lopanda kanthu. Poyamba ndinalakwitsa ndekha. Ndinathira zouma patsinde penipeni pa mbande ngati mmene timachitira ndi za mbuzi, ndipo patapita masiku anayi masamba anapsa m'mbali, mbande zina n'kufa. Fungo lija lolasa m'mphuno ngati mkodzo wogonetsa likanayenera kundichenjeza. Mleme wodya tizilombo umadya nyama yokhayokha, choncho zitosi zake zimakhala ndi nayitirojeni wambiri, ndipo umakodzera pomwepo. Mkodzo wa nyama zoyamwitsa umakhala ndi yuleya, yemweyo amene timagula m'matumba. Nditazindikira zimenezi ndinaseka ndekha, munthu kuthawa yuleya wa kusitolo n'kukapsa ndi wa kudenga.

Ulendo wachiwiri ndinaviika chitini chimodzi m'ndowa yodzaza madzi kwa masiku awiri, n'kusefa ndi chiguduli, n'kumathirira ndi kheni kamodzi pa sabata. Apo ndiye zinayenda. Mpiru wa bedi limenelo unabiriwira kuposa ena onse ndipo tinayamba kuthyola sabata imodzi bedi la mbuzi lisanafike. Koma tisanamizane, zimene denga limodzi likundipatsa n'zokwana mabedi awiri kapena atatu basi. Za chimanga kapena kachewere wa hekitala iwalani. Kumene anthu anakumbapo zitosi zamalonda, monga kumapanga a Carlsbad ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ankakumba milu imene inaunjikana kwa zaka zosawerengeka.

Chimene chandigwira mtima tsopano ndi tonyezimira tija. Mnzanga wina mphunzitsi anandibwereka galasi lokuza zinthu, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndimanyowetsa zitosi zisanu pa mbale yoyera n'kumazipasula ndi singano. Ndimaona timiyendo ta minga, zidutswa za bulauni za tizikumbu, ndi kafumbi kotuwa kamene kamayandama pamadzi. Kafumbiko ndi mamba a agulugufe ausiku, aja amakusiyirani phulusa pachala mukawagwira pafupi ndi nyale.

Akatswiri amachita zomwezi koma iwo amawerenga DNA, chizindikiro cha chibadwa chimene chimaonetsa mtundu wa cholengedwa. Mu 2011 kunatuluka kafukufuku wa ku Swaziland, komwe lero ndi Eswatini, wokhudza mitundu iwiri ya mileme yogona m'madenga kudera la minda ya nzimbe, Mops condylurus ndi Chaerephon pumilus. Yonse iwiri ili ndi mchira wotulukira kunja ngati wa mbewa, ndipo ya kwa amalume nayonso ili ndi mchira wotero. Anapeza kuti agulugufe ausiku ndi mbali yaikulu ya chakudya chake. Ku Illinois, ku America, ofufuza awiri, Josiah Maine ndi Justin Boyles, anamanga makola akuluakulu a ukonde pamwamba pa chimanga, kumatsekula masana kuti mbalame zilowe, kumatseka usiku kuti mileme isafike. Zotsatira zawo za mu 2015 zinaonetsa kuti m'chimanga chotsekeredwacho mbozi zodya zitsononkho zinachuluka ndi pafupifupi 60 pa 100 zilizonse. Ku Texas nako anapeza DNA ya gulugufe wa ntchemberezandonda m'zitosi za mileme.

Ntchemberezandonda zimenezi zinatipeza kuno ku Mozambique mu 2017, ndipo aliyense wolima chimanga akudziwa utuchi uja zimasiya m'nsonga. Funso langa ndi lakuti kodi mileme ya denga ili ikudya agulugufe ake? Ndi galasi sindingayankhe, mamba onse amaoneka ofanana. Choncho ndayamba kusunga zitosi zouma za mwezi uliwonse m'kabotolo kakekake kolembedwa tsiku. Mvula ikagwa, mbozi zikabuka, ndidzanyamula mabotolowo kupita nawo kusukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulongwe kukafunsa ngati alipo wophunzira amene angawafune. Akakana sindidzataya kanthu, ndidzathira m'dimba.

Nkhani ina inandichititsa kuti ndisiye kusesa ngodya imodzi. Ku Jamaica ofufuza anatenga mulu wa zitosi m'phanga, wakuya kupitirira mita imodzi, n'kupeza kuti za pansi penipeni zinagwa zaka pafupifupi 4,300 zapitazo. Anawerenga muluwo kuchokera pansi kukwera m'mwamba n'kuona nthawi imene mileme inkadya kwambiri zipatso ndi nthawi imene inkadya tizilombo, mpaka zizindikiro za mabomba a nyukiliya amene ankayesedwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Mulu wa pangodya pathu ndi wakuya ngati chikhatho chokha. Ndinaudula ndi mpeni, pamwamba n'pakuda ndi ponunkha, pansi n'pabulauni, pofumbutuka, popanda fungo lambiri. Ndi mmene ziyenera kukhalira, nayitirojeni amauluka pakapita nthawi, fosifolasi n'kutsala. Ndauphimbanso mmene unalili.

Amene mukufuna kuyesa, fumbi lake musalipume. M'zitosi zakale mumatha kukhala fangasi wotchedwa Histoplasma, amene dokotala Samuel Darling anamufotokoza koyamba ku Panama mu 1906. Akalowa m'mapapo amabweretsa chifuwa, kutentha thupi ndi kuonda, moti munthu n'kumayesa TB, ndipo amavuta kwambiri kwa amene chitetezo cha m'thupi n'chofooka. Ine ndimayamba ndawaza madzi ndisanasese, ndimavala masiki, ana salowamo, ndipo mleme wogwa pansi sindiugwira ndi manja, kuopa chiwewe. Mayi a kunyumba anaika lamulo lawo, "Abambo, zovala za kwa mileme zizitsalira panja." Sindinatsutse.

Vuto latsala ndi amalume. Fungo lawatopetsa, komanso ena m'mudzi ayamba kunong'ona kuti nyumba yoweta mileme ili ndi zake. Sabata yatha ndinawapeza ataunjika mapesi pakhomo, akufuna kufukiza utsi n'kumata mpata uja ndi dothi. Ndinawatengera mtolo wa mpiru wa bedi lachiwiri n'kuwapempha, "Amalume, tailekani mpaka tikolole, ndione kaye zimene ikudya nthawi ya dzinja." Anauyang'ana mpiruwo nthawi yaitali, n'kunena kuti mpaka Epulo, osapitirira, ndipo kusesa konse n'kwanga. Mabotolo opanda kanthu ndatsala nawo atatu, ndiye amene muli ndi a mayonezi otha mundisungire.