Akakuuzani kuti kawasamalireni kunyumba, musayambe mwanyamula zikwama

Bambo anga anamwalira ndi khansa ya kummero kunyumba kwanga ku Area 25, ndipo pomwalira sankabuula ndi ululu. Ichi chokha ndiye chimanditsitsa mtima. Koma kuti zifike pamenepo ndinaona zakuda, ndiye ndati ndikuuzeni mwina wina apepukidwa.

Za kupimitsa ndi kudikira zotsatira sindinena, amene anakhalapo gadiyani akuzidziwa. Ndiyambire pamene adokotala amatseka kabuku ka kuchipatala n'kunena kuti, “Matendawa afika patali, kawasamalireni kunyumba.” Musadzuke pampandopo. Funsani kuti kiliniki ya palliative care, yosamalira odwala matenda osachiritsika, ili kuti, ndipo akulembereni m'kabukumo kuti akutumizani kumeneko. Ife m'wodi muja palibe anatiuza. Anandinong'oneza ndi mayi wina amene ankadwazika amuna awo pabedi loyandikana nafe, tikutsuka mbale pampopi.

Kumeneko sachiritsa, ndipo amakuuzani mosabisa. Ntchito yawo ndi kuthetsa ululu, nseru, kudzimbidwa, fungo la bala, komanso kukhala nanu pansi n'kumva zimene zikukusautsani. Si zachilendo m'dziko muno ayi. Bungwe la Palliative Care Association of Malawi lilipo kuyambira 2005, ku Blantyre kuli Tiyanjane pa Queen Elizabeth, ku Salima kuli Ndi Moyo imene nesi Lucy Finch anatsegula mu 2007. Zaka zonsezi, koma munthu wolephera kumeza ngakhale thobwa mpaka lero angathe kutuluka m'wodi atangogwira mapilitsi a panado.

Anesi a kukiliniki anatipatsa mofini wamadzi, mankhwala amphamvu othetsa ululu, m'botolo, ndi sirinji yopanda singano yoyezera. Kuchipatala cha boma sitinalipire kalikonse. Amamwa maola 4 aliwonse, ululu ulipo kapena palibe. Osadikira kuti ayambe kubuula, chifukwa ululu ukakwera umavuta kuutsitsa. Pogona anatiuza kuti tiziphatikiza milingo iwiri kuti tisawadzutse pakati pa usiku. Mlingo wake amanena ndi anesi, osati inu kapena aneba.

Tsopano chimene chinandipsetsa mtima. Musadikire kuti botolo lithe, ndipo musapite Lachisanu. Ine ndinanyamuka m'mamawa Lachisanu lina, mankhwala atatsala pang'ono pansi pa botolo. Anesi anandilembera bwinobwino. Kufika pawindo la mankhwala, mnyamata uja n'kuti mofini amakhala m'kabati yokhoma, ndipo amene amasunga makiyi watuluka pang'ono. Ndinakhala pabenchi. Anthu a malungo, a BP, a shuga, onse akulandira n'kumapita. Dzuwa litafika paliwombo ndinafunsanso, akuti apita kukadya. Kenako nkhani inasintha, akuti ali ku wekishopu ku Mponela, ndibwere Lolemba. Lolemba! Ndinamufunsa kuti, “Achimwene, ndiye ululu wa bambo anga nawonso udikire Lolemba?” Anangokweza mapewa n'kuitana wotsatira. Ndikudziwa kuti mofini ndi mankhwala oyang'aniridwa ndi lamulo, dontho lililonse amalemba m'kaundula, ndipo zimenezo sindikutsutsa. Koma chipatala chonse chija, makiyi n'kukhala m'thumba la munthu mmodzi? Loweruka usiku botolo linauma. Bambo anakokota mphasa ndi zikhadabo mpaka mbandakucha, munthu amene ndinakula osamumvapo akulira. Ndiye ndikuti botolo likangofika theka, nyamukani, Lolemba kapena Lachiwiri m'mawa. Tengani kabuku ndi botololo.

Ndinaiwala kunena, mofini amadzimbidwitsa. Tsiku limene akupatsani mofini pempheraninso mankhwala ofewetsa m'mimba, kaya bisacodyl kaya amene alipo. Ife atasowa, anesi anatiuza za nthangala za papaya zoumitsa n'kusinja. Komanso wodwala akafooka, funsani ngati mungamakatenge mankhwala nokha ndi kabuku kake. Ife anatilola, ndipo zinatipulumutsa ku galimoto ya hayala, chifukwa munthu wotere simungamukweze minibasi ya ku depoti, kabaza ndiye musatchule n'komwe.

Nkhondo ina inali ya kunyumba. Azakhali atafika kuchokera ku Dedza anaona botolo lija n'kuyamba kuti mankhwala amenewo ndi omalizira munthu, achipatala atopa nawo. Anafuna tiwasiyitse tipite nawo kwina kumene akuti amachotsa zoponyeredwa. Sindinalimbane nawo, ndinawatenga kukiliniki kuti amve okha. Anesi anawakhazika pansi n'kuwafotokozera kuti mofini wopatsidwa pamlingo wake safupikitsa moyo, chimene chikuwatha achimwene awo ndi chotupa chimene chatseka kummero. Anawauzanso za chakudya, chifukwa azakhali ankawakakamiza nsima, bambo n'kumatsamwa mpaka misozi. Munthu akayandikira mapeto thupi lake silifunanso zambiri. Tinkawapatsa phala la Likuni lamadzimadzi pasupuni yaing'ono, akakana tasiya. Kumapeto tinkangonyowetsa kansalu koyera n'kuwapukuta milomo ndi m'kamwa.

Muziwatembenuza pafupipafupi, maola 2 aliwonse ngati mungathe, poopa zilonda za pabedi. Yang'anani m'chiuno, kumsana ndi zidendene. Bala likayamba kununkha, akukiliniki amasinja mapilitsi a Flagyl n'kuwaza pabalapo, fungo limachepa. Ntchito imeneyi munthu mmodzi sangaithe. Amayi a Mvano akumpingo kwathu anagawana masiku, ena kuchapa, ena kukhala nawo kuti ine ndigoneko tulo.

Chimene sindinayembekezere ndi ichi. Tonse kunyumba tinagwirizana zowabisira bambo, tizingoti muchira. Tsiku lina iwo anafunsa anesi kuti, “Mwana wanga, kodi ine ndidzadzukanso?” Anesi sanathamangire kuyankha. Anakoka mpando, n'kuwagwira dzanja, n'kuti, “Inuyo mukuona bwanji, bambo?” Bambo anati thupi lawo akulimva, akudziwa kalekale, ankangotimvera ife chisoni. Madzulo omwewo anaitanitsa ang'ono awo amene anasiyana nawo mawu chifukwa cha malire a munda, anaitanitsanso abusa. Nkhani ya munda ija anaitha okha ndi pakamwa pawo, pamaso pa onse, ndipo pamaliro palibe anaiutsanso.

Tengani nambala ya foni ya kukiliniki tsiku loyamba lomwelo. Kupuma kukayamba kusintha, kumadukiza kapena kumveka phokoso kummero, mudzafuna wokuuzani kuti zimenezo zimachitika, musathamange nawo usiku kupita kuchipatala kukawagoneka pansi. Ndipo ndibwerezenso, botolo lisathe.

Mofini wotsala musasunge m'nyumba muli ana, musapatsenso wodwala wina. Amabwezedwa kumene munatenga. Wathu ndinakabweza titabwera kumaliro, Lachiwiri m'mawa, ndipo wamakiyi uja ndinamupeza ali pampando pake.